Kusamalira wodwala chithokomiro: mafunso ndi mayankho a kuno ku Mzuzu

Awa ndi mafunso amene odwala ndi magadiyani amatifunsa ife anamwino, ena ali pamzere wa mankhwala, ena pakhonde la wodi madzulo adokotala atapita. Ambiri amafika atazungulira kale. Ayezetsa malungo katatu, ayezetsa HIV, ena apondako kwa asing'anga, ndipo kulikonse auzidwa kuti palibe chikuoneka. Chithokomiro n'chotero, chimavala nkhope ya matenda ena. Ndayankha monga ndingayankhire m'bale wanga, koma mlingo wa mankhwala anu ndi umene adokotala alemba m'bukhu lanu la kuchipatala.

Anesi, chithokomiro si chotupa cha pakhosi chija?

Aliyense ali nacho chithokomiro, ngakhale amene khosi lake lili see. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, kamene kali kutsogolo kwa khosi, kukumbatira kholingo. Kamatenga ayodini kuchokera m'zakudya n'kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amauza thupi liwiro loti liziyendera: mtima ugunde motani, chakudya chigayike msanga bwanji, thupi lifunde mpaka pati. Kachiwaloka nakonso kali ndi kapitawo wake m'mutu, pansi pa ubongo, wotchedwa pituitary. Iye amatumiza homoni ya TSH. Chithokomiro chikachita ulesi, TSH imakwera ngati kapitawo akukuwa. Chikathamanga mopitirira, TSH imatsika n'kukhala chete. N'chifukwa chake papepala la zotsatira TSH yokwera imatanthauza chithokomiro chofooka, zimene zimasokoneza anthu ambiri.

Chotupa ndi nkhope imodzi chabe ya matendawa. Munthu akhoza kukhala ndi chotupa chachikulu mahomoni ake ali bwinobwino, wina n'kudwala kwambiri khosi lisanatupe n'komwe.

Nanga bwanji wina akuonda, wina akunenepa, koma onse akuuzidwa dzina limodzi?

Chifukwa ndi matenda awiri otsutsana. Chithokomiro chikathamanga, munthu amaonda akudya kwambiri, manja amanjenjemera, mtima umagunda ngati wangotsika panjinga ya kabaza atakwera chitunda, amatuluka thukuta ngakhale mu Julaye anzake atavala majuzi awiri, sagona, amapita kuchimbudzi pafupipafupi. Kawirikawiri gwero lake ndi matenda a Graves, pamene chitetezo cha thupi chimasonkhezera chithokomiro m'malo molimbana ndi tizilombo.

Chikafooka, zonse zimazilala. Munthu amatopa asanagwire ntchito, amazizidwa nthawi zonse, khungu limauma, tsitsi limathothoka, amadzimbidwa, amaiwalaiwala, mawu amanenepa, nkhope imatupa m'mawa. Kwa amayi msambo umachuluka. Matenda onse awiri amagwira amayi kwambiri kuposa abambo.

Mayi anga akuonda tsiku ndi tsiku, ndipo ku Chibavi kwathu anthu ayamba kunong'ona. Tichite chiyani?

Kuyezetsa HIV ndi TB n'koyenera, musakuope. Koma zotsatira zikatuluka bwino, musabwerere kunyumba n'kukhala pansi. Funso limene ine ndimafunsa ndi lakuti: kodi akudya? Wodwala TB nthawi zambiri chakudya amachikana. Wa chithokomiro chothamanga amamaliza mbale ya nsima n'kuyang'ana m'poto. Kenaka gwirani dzanja lawo. Ikani zala ziwiri pamtsempha wa pamkono, kumunsi kwa chala chachikulu, n'kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Munthu wamkulu amene wakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Ngati mayi atakhala chete pampando akupitirira 100 masiku angapo motsatana, lembani manambalawo papepala ndipo mukawaonetse kuchipatala. Kapepala kotero kamathandiza adokotala kuposa kunena kuti "sakupeza bwino".

Ndiwonjezere kuti amene ali pa ma ARV nawonso chithokomiro chikhoza kuwathamangira, makamaka patapita chaka kapena zaka ziwiri chiyambire mankhwala, chitetezo chikamabwerera mphamvu. Kuonda kwa munthu wa ma ARV sikutanthauza nthawi zonse kuti mankhwala aleka kugwira.

Akuti kondowole ndi amene amatupitsa khosi. N'zoona?

Muli choonadi pang'ono, koma mlandu waukulu ndi wa ayodini. Ayodini wambiri ali m'nyanja ya mchere. Ife tili kutali nayo, ndipo m'madera a mapiri ngati Viphya mvula yakhala ikukokolola ayodini m'nthaka kwa zaka zosawerengeka, moti chimanga ndi ndiwo zolimidwa pamenepo zimakhala naye wochepa. Usipa ndi batala za ku Nkhata Bay n'zabwino pa thanzi, koma nsomba za m'madzi opanda mchere sizikhala ndi ayodini wochuluka ngati za m'nyanja yaikulu. Chithokomiro chikasowa ayodini chimakula poyesa kutola kalikonse kamene kakudutsa m'magazi.

Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene thupi limamusandutsa mankhwala otsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Agogo athu a m'mphepete mwa nyanja ankadziwa chimene ankachita poviika chinangwa masiku angapo mpaka chifewe, kenaka n'kuchiyanika chiume bwino. Vuto limabwera ndi changu, nthawi ya njala kapena pothamangira kumsika. Kondowole wa ufa wokonzedwa bwino, ndiwo zake zothira mchere wa ayodini, idyani ndi mtima umodzi. Chigwada nacho chisinjidwe ndi kuphikidwa mokwanira.

Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loti mchere uzikhala ndi ayodini mu 1995. Gulani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, usungeni m'botolo lotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa ayodini amauluka. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Izi sizikutanthauza kuti muziwaza mchere wambiri; bungwe la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, apo ayi mwathawa chotupa n'kugwera m'matenda a BP.

Tiyambire kuti kuyezetsa?

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu, monga ku Mapale kwa a m'tauni muno, kapena kuchipatala cha boma lanu. Iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndipo chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Bukhu la kuchipatala musalisiye, ngakhale lakale long'ambika lija.

Mapiritsi a levothyroxine ndiziwamwa bwanji? N'taona kuti ndi tating'ono, ndimangomezera tiyi.

Apa ndi pamene ambiri amataya mankhwala osadziwa. Levothyroxine ndi T4 yemweyo amene chithokomiro chanu chalephera kupanga, ndipo amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mulibe kanthu. Mukangodzuka, mwani ndi madzi okha. Dikirani mphindi 30, ngati n'kotheka ola lathunthu, musanamwe tiyi, khofi kapena phala. Sesani pabwalo, tenthetsani madzi osamba, nthawi ikwana yokha.

Pali zinthu zimene zimagwira mankhwalawa m'matumbo n'kutuluka nawo: mapiritsi owonjezera magazi amene amapatsa kusikelo, a kashiamu, ndi a chilungulira. Zimenezi zitalikirane ndi levothyroxine maola anayi. Mwachitsanzo, levothyroxine m'mawa, owonjezera magazi masana kapena madzulo. Soya nayenso amachepetsa kulowa kwake, choncho phala la soya lisatsatane ndi piritsi. Amene ayamba mankhwala a TB kapena a khunyu anene kuti ali pa levothyroxine, chifukwa rifampicin, carbamazepine ndi phenytoin amachititsa kuti mankhwalawa azitha msanga m'thupi, ndipo mlingo ungafunike kukwezedwa.

Mukaiwala m'mawa n'kukumbukira masana, mwani. Mukakumbukira mawa lake, mwani wa tsikulo basi. Magazi amayezedwanso pakatha masabata 6 mpaka 8 chisinthireni mlingo. Kuyeza msanga kuposa apo n'kutaya ndalama ya minibasi, chifukwa TSH imachedwa kukhazikika.

Ndachira, mphamvu zabwerera. Ndisiye?

Ayi. Mwapeza bwino chifukwa cha piritsilo. Kwa ambiri, makamaka amene chithokomiro chinachotsedwa chonse, ndi mankhwala a moyo wonse. Chonyenga chake n'chakuti amakhalitsa m'magazi, moti mukasiya lero sabata yoyamba simumva kanthu, n'kuyamba kuuza anzanu kuti mwachiritsidwa. Kutopa kumabwerera mwakachetechete patapita masabata. Pempherani, koma piritsi mwani.

Ndili pa carbimazole ndipo kukhosi kwandipweteka, thupi latentha. Ndingogula LA?

Ngati pali yankho limodzi loti muliloweze pamtima pa tsamba lino, ndi ili. Siyani kumwa carbimazole nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale Lamlungu.

Carbimazole amachepetsa mahomoni amene chithokomiro chikupanga, ndipo ndi mankhwala abwino. Koma mwa anthu ochepa kwambiri, osafika mmodzi pa 100 alionse, amagwetsa asilikali a m'magazi olimbana ndi tizilombo, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Munthu wotero kachilonda ka kukhosi kakhoza kumupha m'masiku ochepa. Zizindikiro zake ndi zilonda za kukhosi, zilonda za m'kamwa ndi kutentha thupi. Tsoka lake n'lakuti kuno kwathu thupi likatentha aliyense amati malungo, ndipo nyengo yozizira ya Mzuzu aliyense amati chimfine. Munthu amagula Panado pagolosale, n'kudikira masiku atatu amene sanayenera kudikira.

Mukafika, musangoti "ndikumva malungo". Nenani kuti: "Ndikumwa carbimazole, ndipo anandiuza kuti kukhosi kukapweteka ndiyezetse asilikali a m'magazi." Tengani paketi ya mankhwalayo m'manja. Malungo ayezedwe ndithu, koma magazi enawo ayezedwenso. Akatuluka bwino, adokotala akuuzani kuti mupitirize. Maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, chitaninso chimodzimodzi, chifukwa chimenecho n'chiwindi.

Kupatula apo, lezani mtima. Mankhwalawa saonetsa mphamvu msanga; pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi chifukwa chithokomiro chimakhala ndi nkhokwe ya mahomoni opangidwa kale. Pa nthawi imeneyo ambiri amapatsidwa propranolol woziziritsa mtima ndi kunjenjemera. Wa mphumu anene msanga, chifukwa propranolol amamubanikitsa. Pa matenda a Graves, carbimazole amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo pafupifupi theka la odwala matenda amawabwereranso akasiya, choncho kuchipatala musatsanzike.

Mkazi wanga wasanduka wolusa chiyambire kudwala. Ndi matenda kapena khalidwe?

Bambo, tangoganizani mutakhala miyezi itatu mtima ukugunda 120, tulo ta maola atatu, thupi likutentha ngati muli m'chigafa cha fodya. Inunso mukanalusa. Mabanja ena agwedezeka chifukwa cha matendawa, ndipo odwala ena atengeredwa kwa aneneri kapena kuganiziridwa misala. Mahomoni akatsika, munthu wanu uja amabwerera.

Pakadali pano m'chepetsereni phokoso ndi alendo. Agone m'chipinda chopita mphepo, zofunda zopepuka, zovala zosinthira zikanyowa ndi thukuta. Adye kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku: mtedza, nyemba, mazira, nthochi, mbatata, chambiko. Madzi ambiri. Khofi wathu wa Mzuzu ndi wonyaditsa, koma ayambe wamusiya, pamodzi ndi tiyi wakuda bii ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. M'pimeni pasikelo kamodzi pasabata n'kulemba.

Ngati maso atuluka, monga zimachitikira ena odwala Graves, agone mutu uli pamapilo awiri, avale magalasi a dzuwa pa fumbi ndi mphepo, ndipo pemphani mankhwala odonthezera m'maso kuti asaume. Zikope zikamalephera kutsekeka usiku, kapena akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, apite kwa a maso. Fodya amawonjezera vuto la maso kwambiri, ndipo utsi wa wosuta wa m'nyumba momwemo suthandiza.

Tsiku limene thupi lidzatenthe kwambiri, mtima n'kufika cha m'ma 140, akusanza kapena kutsegula m'mimba, akubwebweta, musadikire kuti kuche. Chimenecho ndi chithokomiro cholusa, chimene chimadzutsidwa ndi matenda ena monga chibayo, kubereka, kapena kusiya mankhwala mwadzidzidzi, ndipo chimapha. Panjira m'pukuteni ndi nsalu yonyowa. Asipirini musam'patse, chifukwa amamasula mahomoni ambiri m'magazi. Panado ndiye woyenera.

Agogo ali ndi chithokomiro chofooka ndipo Juni akafika amangogona. Tiwayatsire mbaula m'chipinda?

Mbaula m'chipinda chotseka yapha anthu athanzi lawo, ndiye agogo musayese n'komwe. Afunditseni mabulangete, avale chipewa ndi masokosi, amwe zofunda. Botolo la madzi otentha pakhungu lawo n'loopsa: khungu n'louma, samva kutentha msanga, amapsa osadziwa. Adzozeni mafuta akangosamba. Za kudzimbidwa, nsima ya mgaiwa, masamba, mapapaya ndi madzi zimathandiza, komanso kuyendako pabwalo dzuwa likatuluka.

Polankhula nawo musawathamangitse. Funso limodzi, dikirani yankho. Si kuti akukunyozani kapena ukalamba wawatha. Ubongo ukuyenda pang'onopang'ono. Mapiritsi ogonetsa ndi mowa ziwatalikire. Okalamba ndi odwala mtima amayambitsidwa levothyroxine pa mlingo wochepa, monga mamaikulogalamu 25, n'kumakweza pang'onopang'ono; musawonjezere nokha poti sakuchira msanga, ndipo akadandaula pachifuwa nenani. Mukawapeza thupi lili zii, akupuma mwapatalipatali, akuvuta kudzutsa, thamangani nawo kuchipatala atafundidwa.

Andilembera opaleshoni, koma akungondibweza kuti magazi sanakhale bwino. Akundizemba?

Ndikudziwa kuwawa kwake, makamaka kwa wochokera ku Chitipa amene wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti. Koma kung'amba chithokomiro chikadali chothamanga n'kuputa chithokomiro cholusa chija munthu ali pa tebulo. Amadikira mahomoni atsike kaye. Musanyamuke kunyumba musanafunse ngati pali nambala yoimbira kuti mutsimikize tsiku.

Ndine gadiyani. Usiku woyamba atachoka ku opaleshoni ndiziyang'ana chiyani?

Namwino mmodzi usiku amakhala ndi mabedi ambiri, pamene inu muli ndi bedi limodzi. Maso anu ndi amene aone zinthu poyamba.

Wodwala agone chotsamira, mutu ndi mapewa zitakwera, khosi lisapindikire kumbuyo. Akafuna kudzuka kapena kutsokomola, aike manja ake kumbuyo kwa khosi kuchirikiza mutu, kapena muchirikizeni inu.

Choopsa choyamba ndi magazi. Khosi lilibe malo. Magazi akaundana mkati amafinya kholingo. Izi zimachitika kwambiri m'maola 6 oyamba, koma tcheru chikhalepo mpaka maola 24. Musakhutire poona kuti bandeji ndi yoyera kutsogolo. Magazi amatsetsereka, ndiye lowetsani dzanja losamba kumbuyo kwa khosi ndi pa pilo kuti mumve ngati panyowa. Ngati pali kapaipi kotulutsa magazi, onani ngati kabotolo kakudzadza msanga. Wodwala akati bandeji ikumuthina, khosi likufufuma, akuvutika kumeza malovu, akusowa mtendere pabedi, kapena mpweya ukulira ngati mluzu pokoka, musagogode mwaulemu pa ofesi ya anesi n'kumadikira. Kuwani. Dzutsani wodi yonse. Pafupi ndi bedi lotere timaika zida zodulira ulusi, chifukwa nthawi zina bala limatsegulidwa pabedi pomwepo kuti munthu apume. Palibe namwino wanzeru amene angakukalipireni chifukwa chomuitana pa zotere, ngakhale zitapezeka kuti sizinali kanthu.

Chachiwiri ndi mawu. Kumbuyo kwa chithokomiro kumadutsa mitsempha yoyendetsa mawu. Tikamafunsa wodwala dzina lake kawirikawiri si kuti taiwala, tikumvetsera mawuwo. Kusasa pang'ono masiku oyamba n'kofala chifukwa cha paipi yopumira ija. Koma asachezetsedwe; abale a ku Zolozolo ndi a kumpingo adikire mawa. Akamakhosomola nthawi zonse pomwa madzi, tiuzeni. Anesi akaloleza kudya, yambani ndi madzi pang'ono, kenaka phala lozizirirapo.

Tsiku lachiwiri akuti milomo ndi zala zachita dzanzi. Ndi mankhwala ogonetsa aja?

Ayi, nenani msanga. Kumbuyo kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, totchedwa parathyroid, timene timasunga kashiamu m'magazi. Pa opaleshoni timatha kukomoka kwa kanthawi, ndipo kashiamu amatsika pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu. Kumayamba ndi kunyerenyesa kuzungulira pakamwa ndi kunsonga za zala, kenaka manja amakungana, ndipo zikalekereredwa munthu amagwa ngati wa khunyu kapena kholingo limatsekeka. Mukaona namwino akugogoda tsaya kutsogolo kwa khutu, kapena wapopa lamba wa BP n'kumusiya mphindi zitatu akuyang'ana zala, akufufuza zimenezi. Mankhwala ake ndi kashiamu, wa mapiritsi kapena wa mumtsempha, ndipo kwa ambiri vutoli limatha pakapita masabata. Zikayamba mutatuluka kale, bwererani tsiku lomwelo.

Ndili pa mankhwala a chithokomiro ndipo ndaima. Ndisiye kuti ndisapweteke mwana?

Wa levothyroxine asasiye ngakhale tsiku limodzi. Miyezi itatu yoyamba mwana amadalira mahomoni a mayi kuti ubongo wake uumbike, ndipo mlingo nthawi zambiri umakwezedwa. Pitani sabata yomweyo imene mwadziwa, musadikire kuti mimba ioneke monga timachitira. Wa carbimazole ndi nkhani ina: mankhwalawa akhoza kulemaza mwana m'miyezi yoyambirira, choncho ndi bwino kulera muli pa mankhwalawa, ndipo mukafuna mwana muuze adokotala musanaime. Ngati zachitika kale, pitani msanga. Amatha kukusinthirani ku propylthiouracil.

Mwana akabadwa, muoneni. Khanda logona kwambiri losadzuka kuyamwa, chikasu chopitirira masabata awiri, lilime lalikulu, mchombo wotuluka, kulira kosasa ndi kudzimbidwa, likhoza kukhala lobadwa ndi chithokomiro chofooka. Apongozi amati ndi mwana wofatsa. Akayamba mankhwala m'masabata oyambirira amakula ngati anzake. Akachedwa miyezi, nzeru zotayikazo sizibwerera.

Chotupa chimenechi si khansa? Azakhali akuti titemere.

Zotupa zambiri za chithokomiro, zoposa zisanu ndi zinayi pa khumi, si khansa. Chokayikitsa ndi cholimba ngati mwala, chokula msanga, chobwera ndi mawu osasa osatha kapena anabere m'mbali mwa khosi. Imani pagalasi n'kumeza madzi: cha chithokomiro chimakwera n'kutsika, pamene anabere a TB amakhala pomwepo. Chotsimikiza ndi sikani komanso kutengako timadzi ndi singano.

Mphini sizifika pamene pali vuto. Zimangosiya zipsera ndi mafinya pamalo pomwe dokotala adzafune kudula.

Mankhwala akatha ndipo kuchipatala kulibe?

Zimachitika. Musadikire piritsi lomaliza. Pitani kwatsala a masabata awiri, kuti mukabwezedwa mukhale ndi nthawi yofufuza kwina kapena kugula ku famase. Jambulani paketi ndi foni, chifukwa levothyroxine amabwera wa 25, wa 50 ndi wa 100, ndipo timapiritsito timafanana. Wogulitsa akakupatsani wa 100 pamene mumamwa wa 50, mufunseni akuonetseni nambala pa paketi musanalipire. Musabwereke a mnzanu wa kumpingo ngakhale nonse mukuti "a chithokomiro": wina amamwa okweza, wina otsitsa. Asungeni m'paketi yake pouma, osati pawindo kapena pashelefu ya pamwamba pa mbaula, ndipo chinyontho cha Mzuzu mukuchidziwa, m'thumba la malaya amasungunuka.